Kuphunzira kumanga webusaiti ndi buku, uli ku Nsaru kapena ku Nambuma

Pa malo a malonda ngati Nsaru, Mpingu ndi Kabudula, kompyuta inasiya kalekale kukhala chodabwitsa. Ili m'kashopu ka mnyamata wobena nyimbo ndi mafilimu, ili kumene amatayipa makalata ndi kuchita fotokope, ili mu ofesi ya ahedi, ndipo pa holide imabwera m'chikwama cha mwana wa kukoleji. Ena mwa achinyamata amene amaigwira amafuna kupitirira pa kubena ndi kutayipa. Amafuna kumanga webusaiti yogwira ntchito, yoti munthu n'kuitsegula pa foni ali ku Area 25 kapena ku Johannesburg. Sukulu zophunzitsa zimenezi, monga NACIT, MUBAS ndi Mzuni, zili m'mizinda ndipo zimafuna fizi. Mphunzitsi wapafupi palibe. Chotsala ndi buku. Kodi buku lingamufikitse munthu wotereyu pa webusaiti yeniyeni?

Ine ndikuti lingamufikitse patali kuposa mmene ambiri amaganizira, malinga asankhe bwino ndipo aziliwerenga zala zili pa kiyibodi. Koma pali mbali ya ntchitoyi imene olemba mabukuwa sanaione, poti analemba ali ku America ndi ku Ulaya. Mbali imeneyo ndi imene imasiyanitsa webusaiti ya m'buku ndi imene kopaletivi ya alimi a soya ingaigwiritse ntchito.

Choyamba tidziwe zimene munthu akuyenera kuphunzira. Tsamba lililonse limene browser imakuonetsani linalembedwa mu HTML, chiyankhulo chonena kuti apa ndi mutu, apa ndi ndime, apa ndi chithunzi, apa ndi fomu. CSS imalamula maonekedwe: mitundu, kukula kwa zilembo, ndi mmene tsamba lidzikonzere likatsegulidwa pa foni yaing'ono. JavaScript imachititsa kuti tsamba liyankhe munthu akadina. Zitatuzi zimayenda m'foni kapena m'kompyuta ya wowerenga. Kuseri kuli seva, kompyuta ina yosunga zonse, ndipo pamenepo pamayenda pulogalamu yolembedwa mu PHP, Python, Ruby kapena JavaScript yomweyo, imene imatenga ndi kusunga maina ndi mitengo mu database ngati MySQL kapena PostgreSQL. Webusaiti yongouza anthu kuti sukulu ili pakutipakuti ndipo fizi ndi yakutiyakuti imatheka ndi HTML ndi CSS zokha. Yolandira mafomu kapena yowerengera matumba a mtedza amene membala aliyense wabweretsa imafuna zonsezo.

Chimene achinyamata ambiri sauzidwa n'chakuti pafupifupi zonsezi zimaphunzirika popanda intaneti. Tsamba la HTML mumalilemba m'pulogalamu yolembera wamba n'kulitsegula mu Firefox kapena Chrome pa kompyuta yomweyo. Ngakhale seva mutha kuiyendetsa m'laputopu mwanu. XAMPP, yomwe ndi yaulere, imabwera ndi Apache, PHP ndi database pamodzi, ndipo Django, chida cha Python chomangira mawebusaiti, ili ndi kaseva kake koyesera. Mukalemba localhost pa browser, kompyuta imadziyankha yokha ngakhale netiweki itathawa dera lonse. Apa m'pamene buku limaposera vidiyo. Ola limodzi la phunziro pa YouTube limadya ma MB mazana angapo, ndipo mukafuna kubwereza mawa bandulo yapita kale. Buku lonse la PDF nthawi zambiri limakhala ma MB ochepa, ndipo likalowa mu fulashi limayenda kuchoka pa mnzako kupita pa mnzako.

Nkhani ya magetsi nayo ili kumbali ya buku. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 aliwonse m'dziko muno ndi amene ankaunikira magetsi, ndipo kumidzi sankafika 5. Kuchokera nthawiyo pulogalamu ya boma ya MAREP yafikitsa mawaya m'malo ena a malonda, sola nazo zachuluka, koma laputopu yakale ya batire lotopa imakhalabe maola ambiri ili yozima. Buku la pepala munthu amaliwerenga masana pakhonde, kulemba code ndi bolopeni m'kope, n'kukaitayipa moto ukabwera. Kulemba code pa pepala kumaoneka ngati umphawi chabe, komatu kumakakamiza mutu kuyendetsa pulogalamu mzere ndi mzere kompyuta isanathandize. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, Remy Gakwaya, wothawa nkhondo wochokera ku Burundi, anayambitsa TakenoLAB ndi ophunzira asanu ndi mmodzi, ndipo makompyuta atachepa ankasindikiza chithunzi cha kiyibodi pa pepala kuti ophunzirawo azikayeserera kunyumba. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, atasiya sukulu pa njala ya 2001 ndi 2002, anamanga makina ake amphepo atabwereka Using Energy ndi mabuku ena ku laibulale yaing'ono, Chingerezi chake chili chochepa, akudalira kwambiri zithunzi. Kuphunzira luso m'buku ndi njira imene anthu a kuno anaiyendapo kale.

Nanga ndi buku liti? Mabuku a mapulogalamu ali mitundu iwiri. Ena amafotokoza chiyankhulo mutu ndi mutu, lamulo lililonse ndi kachitsanzo kake ka mizere isanu. Ena amakupatsani chinthu chimodzi choti mumange kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Wophunzira yekha atenge a mtundu wachiwiri. Mwana wa ukalipentala pa Namitete Technical College sangadziwe ntchito pomangowerenga maina a misomali ndi matabwa. Amadziwa akakhoma tebulo, n'kuona mwendo umodzi wafupika, n'kufunsa chifukwa chake. Buku la pulojekiti limachita chimodzimodzi: limakufikitsani pa vuto kaye, kenako n'kukupatsani chida chake.

Mwambo umenewu unatchuka ndi Agile Web Development with Rails la Dave Thomas ndi David Heinemeier Hansson, lotuluka mu 2005, limene limamangitsa wowerenga shopu ya pa intaneti. Django for Beginners la William S. Vincent limayamba ndi katsamba ka mzere umodzi n'kukathera pa webusaiti ya nyuzipepala yokhala ndi malo olowera ndi pasiwedi. Python Crash Course la Eric Matthes limaphunzitsa chiyankhulo kaye, kenako limapereka mapulojekiti atatu, yomaliza yake ili ya Django. Kwa munthu amene sanalembepo mzere ndi umodzi womwe, ine ndingamupatse HTML and CSS: Design and Build Websites la Jon Duckett. Linatuluka mu 2011 ndipo machaputala ake a kayalidwe ka tsamba anakalamba, koma zithunzi zake zimafotokoza zinthu zimene Chingerezi chikanamuphonyetsa. Duckett yemweyo anatulutsa PHP & MySQL mu 2022. Ndipo pali mabuku amene eni ake anawaika pa intaneti kuti aliyense awerenge mwaulere: Eloquent JavaScript la Marijn Haverbeke, Automate the Boring Stuff with Python la Al Sweigart, ndi Pro Git la Scott Chacon ndi Ben Straub. La Haverbeke ndi labwino zedi koma limakwera msanga, lisakhale loyambira.

Pa mkangano wakuti chiyankhulo chabwino n'chiti sindikhalitsapo. Wofuna kupeza kangachepe msanga apite ku PHP, poti WordPress, imene imayendetsa mawebusaiti oposa 40 pa 100 aliwonse padziko lapansi, inalembedwa mu PHP, ndipo hosting yotsika mtengo pafupifupi yonse imailandira. Wofuna kumanga madongosolo osunga zolembedwa za bungwe adzakondwa ndi Django, imene imabwera ndi tsamba la woyang'anira lokonzeka kale. Chovulaza n'kudumphadumpha, chaputala chachitatu cha buku ili lero, chachitatu cha buku lina sabata yamawa.

Musanagule kapena kukopa buku, onani chaka. Mabuku a kompyuta amene amafika m'malaibulale a sukulu kudzera mu mphatso, ndi amene amayalidwa pansi m'misewu ya mu Lilongwe, ambiri anatayidwa kwawoko chifukwa anatha ntchito. Buku la PHP lophunzitsa mysql_connect silingayende pa PHP 7 ya 2015 kapena ina iliyonse yotsatira, chifukwa lamulolo linachotsedwa. Python 2 inasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020. Flash inafa kumapeto kwa chaka chomwecho. Wophunzira amene sakudziwa izi amatayipa zonse molondola, kompyuta n'kukana, iye n'kuganiza kuti mutu wake ndi wouma. Zimandipweteka kuganiza kuti pali ana anzeru amene anasiyira pamenepo. HTML, CSS ndi SQL zimakalamba pang'onopang'ono, kotero buku la zaka khumi likhoza kuthandizabe. Django, Laravel ndi React zimasintha chaka ndi chaka. Mankhwala ake n'kuika m'kompyuta version yeniyeni imene buku latchula, ngakhale itakhala yakale, n'kumaliza nayo. Tsiku lopita m'tauni kapena pamalo a netiweki yabwino likhale lodawuniloda zonse zofunika kamodzi: pulogalamu yolembera, chiyankhulo, malaibulale ake, ndi malangizo a pa DevDocs amene amasungika kuti muziwerenga opanda intaneti.

Kawerengedwe kake n'kamene kamalekanitsa anthu. Code ya m'buku mutayipe nokha, musakope. Ikayenda, iwonongeni dala: chotsani chizindikiro chimodzi, sinthani dzina limodzi, muone uthenga umene kompyuta ikupatseni. Uthenga wa error umatchula fayilo ndi nambala ya mzere, ndipo amene wazolowera kuuwerenga modekha wapeza mphunzitsi wachiwiri. Chingerezi cha m'mauthengawa chili ndi mawu ochepa obwerezabwereza. Wofika Fomu 4 amachizolowera. Ndibwinonso kukhala atatu kapena anayi pa laputopu imodzi, wina akuwerenga, wina akutayipa, ena akuyang'anitsitsa, n'kumafotokozerana m'Chichewa. Chimene watha kufotokozera mnzako m'chiyankhulo chako ndiye kuti wachimva. Ndipo m'gulumo mukhale atsikana. mHub, imene Rachel Sibande anayambitsa ku Lilongwe mu 2013, yakhala ikuphunzitsa atsikana code ndipo amatha bwino lomwe. Kumudzi chimene chimawatsekereza ndi nthawi, poti ola limene laputopu yatchajidwa ndi lomwe iwo ali kumjigo kapena kukhitchini.

Masiku ano wophunzira amafunsanso ChatGPT ndi anzake. Pomasulira uthenga wa error amathandiza. Koma amalembanso code yolakwika mosachita manyazi, ndipo amene sanamalize buku ndi limodzi lomwe alibe poyezera kuti adziwe ngati wapatsidwa zoona.

Tsopano tafika pamene buku limathera. Tiyerekeze kuti mwamaliza pulojekiti ya m'buku, ndipo mlembi wa kopaletivi wakupemphani kaundula wa mamembala. Dzina lachisanu pa mndandanda ndi Ng'oma. Mu SQL nkhodolero ndi chizindikiro chotsegulira ndi kutsekera mawu, choncho ngati mwangolumikiza dzinalo ku lamulo lanu, database imawerenga Ng n'kuyesa kuti dzina latha, zotsalazo n'kusokoneza zonse. Ife nkhodolero ili paliponse: Mang'anda, Ching'oma, M'bwatalika, m'mudzi, ng'ombe. Khomo lomwelo limene Ng'oma wagwetsera pulogalamu ndi limene mbava za pa intaneti zimalowera, njira yotchedwa SQL injection. Mabuku abwino amaphunzitsa prepared statements, ndipo Django imachita zimenezi yokha, koma wowerenga wa ku Ohio akhoza kulumpha tsambalo n'kukhala miyezi osaona vuto. Wa ku Kabudula adzaliona tsiku loyamba, ndipo n'chabwino kuti alione msanga. Chilembo cha ŵ nacho chimasanduka zizindikiro zosamveka ngati tsamba ndi database sizinaikidwe pa UTF-8.

Fomu ya m'buku imafunsa nambala ya nyumba, dzina la msewu ndi ZIP code. Mlimi wa kwa Kalolo adiresi yake ndi mudzi, gulupu ndi T/A, ndipo makalata amalandirira ku sukulu kapena ku tchalitchi. Fomu ya m'buku imakakamiza imelo, n'kutumiza kumeneko njira yosinthira pasiwedi. Kuno chodziwira munthu ndi nambala ya foni, 088 kapena 099, ndipo nthawi zina foni imodzi ndi ya banja lonse, kotero nambala imodzi ikhoza kuimira mamembala awiri. Agogo ena amadziwa chaka chobadwa chokha. Zonsezi zimasintha mmene database iyenera kukhalira, ndipo sizipezeka m'chaputala chilichonse. Zimapezeka pokhala pansi ndi mlembi uja, kutsegula kaundula wake wa pepala, n'kuona mmene wakhala akulembera zaka zonsezi.

Kulemera kwa tsamba n'kofunikanso. Masamba ambiri a masiku ano amalemera 2 MB kapena kuposa, olemba mabuku osaona chovuta. Pa foni yotsika mtengo, netiweki ili ndi timizere tiwiri, tsamba lotere limatsegula theka n'kuima, bandulo ya munthu itapita. Chepetsani zithunzi musanaziike, chotsani JavaScript yosafunika, ndipo yeserani pa foni ya azakhali anu muli kudimba, osati pa laputopu pokha. Webusaiti ya HTML ndi CSS yolembedwa mwaudongo imatha kukhala ma KB ochepa chabe.

Kenako ndalama. Chaputala cha malipiro m'mabuku ambiri chimagwiritsa ntchito Stripe, imene silembetsa mabizinesi a ku Malawi. Kuno anthu amalipira ndi Airtel Money ndi Mpamba, ndipo wopanga webusaiti ayenera kuwerenga malangizo a makampani ngati PayChangu, amene amalumikiza njira zimenezi ndi makhadi a banki. Nzeru ya m'buku imagwirabe, poti kayendedwe n'kamodzi: mumatumiza pempho, wogula avomereza pa foni yake, kampani ikudziwitsani, inu n'kutsimikiza musanalembe kuti walipira. Koma code yake mulemba nokha. Kwa gulu laling'ono, nthawi zina kuonetsa nambala yolipirira ndi bokosi lolembamo nambala ya risiti kumakwanira.

Kuika webusaiti pa intaneti, kumene buku limakumaliza m'masamba khumi, kuno ndiye phiri. Hosting yakunja ndi domain ya .com zimalipiridwa m'madola ndi khadi ya banki, pamene ndalama zakunja zikusowa, ndipo kwacha inagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Njira zilipo ndithu. Webusaiti yopanda database imakhala mwaulere pa GitHub Pages. Chiphaso cha HTTPS chimaperekedwa mwaulere ndi Let's Encrypt. Domain ya .mw imayang'aniridwa konkuno, ndipo pali makampani a hosting a m'dziko muno olandira makwacha. Pomwe mwayamba kusunga maina, manambala a chiphaso cha unzika ndi ngongole za anthu, mwalowanso m'manja mwa malamulo: Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ndi Data Protection Act ya 2024. Buku la ku America silitchula malamulo athuwa, koma mapasiwedi osungidwa poyera ndi mndandanda wa angongole wooneka kwa aliyense zikhoza kunyazitsa anthu enieni, oti mumakumana nawo pa maliro.

Pali funso lina limene buku silingafunse, chifukwa likufuna mugule: kodi munthuyu akufunikadi webusaiti? Dera lino lili ndi phunziro lake pa nkhaniyi. Mu 2008, pa chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, Josh Nesbit, wophunzira wa pa yunivesite ya Stanford, anabweretsa laputopu imodzi, mafoni akale ndi pulogalamu ya FrontlineSMS yolembedwa ndi Ken Banks. Anthu 75 odzipereka pa zaumoyo m'midzi analandira mafoni, n'kumatumiza mauthenga a SMS m'malo moyenda mitunda italiitali kukapereka malipoti. M'miyezi isanu ndi umodzi, chiwerengero cha odwala TB amene chipatala chinkatha kuwasamalira chinawirikiza kawiri. Ntchito imeneyi ndi imene inabala bungwe la Medic Mobile, limene mapulogalamu ake afika m'maiko ambiri. Sanayambe ndi chida chamakono kwambiri. Anayamba ndi chimene anthu akanatha kugwira m'manja. Mayi wogulitsa tomato pa Mpingu lero WhatsApp imamukwanira, ndipo kumulipiritsa webusaiti n'kumudyera. Amene akuifuna ndi kopaletivi yofuna kuti ogula akutali aone zokolola zake ndi kuikhulupirira, sukulu yofuna kuti makolo ndi othandiza apeze nkhani zake, parishi, malo ogona alendo, ndi bungwe lililonse limene makaundula ake a pepala afika posawerengeka.

Kwa omalizawa, webusaiti siyenera ngakhale kukhala pa intaneti. Baobab Health, imene Gerry Douglas anaiyambitsa ku Lilongwe kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, inamanga dongosolo lolembera odwala olandira ma ARV, loyamba kugwira ntchito pa Queen Elizabeth Central Hospital mu 2006. Linalembedwa mu Ruby on Rails, achinyamata a ku Malawi ali pakati pa olemba ake, ndipo linkayenda pa seva ya m'chipatala momwemo, anamwino akudina pa masikirini olumikizidwa kwa iyo. Mu 2013 bungwe lomweli linaika kaundula wa pa kompyuta wolembera obadwa ndi omwalira m'mudzi wa Chalasa, kwa T/A Mtema kumpoto kwa Lilongwe, woyendera sola poti kunalibe magetsi. Luso la m'buku la pulojekiti ndi lomweli. Laputopu imodzi mu ofesi ya sukulu, karawuta ka WiFi, ndi mafoni a aphunzitsi, n'zokwanira kuti magiredi a ana azilowetsedwa ndi kuwerengeredwa popanda kugula bandulo. Ndikukhulupirira kuti m'dera ngati lino ntchito zambiri za wodziwa kumanga mawebusaiti zili kumbali imeneyi, kuposa kumbali ya masamba okongola a pa intaneti.

Choncho buku likangotha, pulojekiti yachiwiri ikhale ya munthu weniweni amene adzadandaule ikalakwika: msungichuma wa banki mkhonde, mphunzitsi wa Fomu 2, wogulitsa mbewu ndi feteleza pa Nsaru. Ndipo mugwirizane naye zinthu zimene mabuku sakonda kulemba. Domain imalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo ikaiwalika webusaiti imazima, dzina n'kutengedwa ndi wina. Ilembedwe m'dzina la bungwe, osati lanu, kuti mukapeza ntchito ku Blantyre asatsale m'madzi. Mapasiwedi a woyang'anira aperekedwe kwa anthu awiri a komiti. Database izikopedwa sabata iliyonse mu fulashi yosungidwa nyumba ina, chifukwa laputopu imabedwa ndipo mphenzi ya Januwale imaotcha tchaja ndi zonse zolumikizidwa. Mtengo wosamalira webusaiti pa chaka unenedwe ntchito isanayambe, ulembedwe m'mabuku a komiti, ndipo mlembi aphunzitsidwe kusintha mitengo ndi kuwonjezera maina yekha.